Amene Amasuntha Mabotolo a Bambo

Lachiwiri, 9 Seputembala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa foni ikangolira m'nyumba muno bambo amatchera khutu, ndipo nkhani iyi sindikufuna aimve ikutuluka pakamwa panga.

Mukudziwa kuti chipumireni pa ntchito yoyendetsa basi, mtima wa bambo uli ku mtsinje wa m'nkhalango uja. Loweruka likafika amamangirira bwato pamwamba pa galimoto ya alamu anu, amuna anga, n'kupita awiriwo kukawedza ndi kugona komweko. Chimene simunachione ndi ntchito yatsopano imene yadzaza khonde lathu. Bambo amatola mabotolo a mafuta ophikira, kuwatsuka, kuwapaka penti yofiira, kumata chivundikiro ndi guluu, kenako kumangirira chingwe cha nayiloni chokhala ndi chitsulo kumapeto. Zitsulozo amatola ku shedi kumene alamu anu amawotcherera mageti. Akapeza pamene nsomba zikudya amathirapo nyambo n'kuponyapo botolo kuti liziyandama pomwepo mpaka ulendo wina. Amawatcha alonda awo. Tsiku lina ndinataya botolo limodzi kudzala, anandikwiyira ngati ndataya mdzukulu wawo.

Mwezi wathawu anayamba kubwerako nkhope ili gwa. Akuti alonda amene amawasiya pa dziwe lakuya, pansi pa thanthwe, amakawapeza ali kufupi ndi gombe, m'mbali mwa bango. Ine ndinati mwina ndi madzi akuwakoka. Anandiyang'ana ngati mwana wosamva.

"Madzi amakokera chinthu kumtunda? Madzi amadziwa kumanga mfundo? Mfundo yanga ndimaidziwa, iyi ndi ya munthu wina, wakuba."

Amalankhula ndi ine koma maso ali pa alamu anu, amene anangoweramira mbale yawo.

Achimwene, kumalo kuja kulibe mudzi, kulibe msewu weniweni. Odziwa pamene pali mabotolowo ndi anthu awiri okha. Ndinayamba kuwaonetsetsa amuna anga, ndipo zimene ndinaona sizinandisangalatse. Pakati pa sabata amatseka shedi masana n'kunena kuti akukagula zitsulo, koma galimoto imabwera yopanda chitsulo, matayala ali matope okhaokha. Pochapa ndinapeza buluku lawo lonyowa mpaka m'chiuno, malaya ali ndi penti yofiira pamkono. Nditafunsa anati anathandiza munthu kupenta geti. Mageti awo onse amapaka yakuda.

Ndinaganiza zambiri. Ndinaganiza kuti amakawedza okha pa dziwe la bambo n'kumagulitsa nsombazo mobisa. Ndinaganizanso zinazo zimene mkazi aliyense amaganiza mwamuna akayamba kubwera ndi mayankho okonzeratu. Ndinafika ponunkhiza mpando wa m'galimoto, ine munthu wamkulu ndi ana anga.

Loweruka lapitali ndinanena kuti nanenso ndipita nawo. Bambo anasangalala, akuti apeza mboni. Alamu anu anati udzudzu wakumeneko sindingaupirire, ndipo mawu amenewo ndiwo anandikweza m'galimoto.

Mabotolo tinawapezadi m'mbali mwa bango. Bambo anatukwana chapansipansi, koma poti nsomba zinayamba kudya pomwepo tinakhala kaye. Dzuwa litakwera analamula kuti tipalase mpaka pa dziwe lakuya akabwezere alonda awo. Malo aja ndi oopsa, madzi ake ndi akuda ndipo amazungulira mwakachetechete. Ndinaona alamu anu atasiya nkhafi, atasendera kumbuyo kwa bambo, dzanja lili pafupi ndi lamba wawo nthawi yonse imene bambo amaweramira m'madzi. Sindinamvetse.

Titadya masana bambo anagona pamthunzi pafupi ndi hema. Amuna anga anati akukaona mbedza, n'kukankha bwato. Ndinawatsatira chapamtunda, ndikubisala m'tchire, minga ikundikala miyendo. Ndinawaona ndi maso angawa akukoka botolo loyamba, kulikweza m'bwato, kenako lachiwiri. Anapita nawo kubango, anafupikitsa zingwe, anamanganso mfundo, ndipo anatulutsa nyambo m'thumba lawo n'kuthira pamenepo. Pobwerera anandipeza nditaima pagombe.

"Ndiye wakubayo ndinu," ndinatero.

Iwo anati, "Lero ndaona kuti mabodza a pakati pa sabata andithera. Lowa m'madzimu uone pamene afike."

"Musandizunguze. Mukuwazunziranji munthu wokalamba?"

"Pano madzi amalekeza m'chiuno. Munthu atagwa pano ndikhoza kumutola. Paja sindingathe."

Ndipo anandiuza. Ulendo wina mwezi wathawu, ali pa dziwe lija, bambo anasiya kulankhula chiganizo chili pakati. Nkhafi inawapulumuka, thupi linalefuka, ndipo anapendekera kunja kwa bwato mutu ukulowa m'madzi. Alamu anu anawagwira lamba n'kuwakokera mkati, bwato litatsala pang'ono kugudubuzika. Atatsitsimuka sanadziwe kuti ali kuti, ndipo dzanja lamanzere linatenga nthawi kuti ligwirenso chinthu. Nzeru zitabwerera, mawu awo oyamba anali akuti, "Mkamwini, ana anga asamve. Akamva andilanda mtsinje." Anawalumbiritsa pomwepo.

Amuna angawo ndinawakalipira kwambiri. Ndinati munthu wotere amafunika kuchipatala, osati kumusunthira mabotolo. Anavomera, koma akuti anayesapo kutchula za dokotala, bambo n'kuwauza kuti akatchulanso adzayamba kupita okha kumtsinje. Ndiye iwo anasankha kutchedwa akuba, bola azikhala nawo m'bwato.

Musaganize kuti mtima wanga wakhala pansi. Munthu amene wandinamiza mwezi wathunthu nkhope ili bwinobwino, ndimamuyang'anabe kawiri akamatuluka pakhomo. Ndipo amene ndikuwakayikira kwambiri tsopano ndi bambo. Atadzuka tsiku lija anayang'ana kubango, anaona mabotolo ofiira ali ndandanda poyera, anayang'ananso miyendo yanga yokalikakalika, koma sanafunse kanthu. M'galimoto amangoimba kanyimbo kawo ka m'mano kaja.

Dzulo bambo anapita okha ku shedi atanyamula chitsulo cha giya ya lole, sindikudziwa anachitenga kuti. Anauza alamu anu kuti awotchererepo ngowe yomangira chingwe.

"Ichi tikachiponya pa dziwe lija, wakuba wangayo adzafunika mnzake womuthandiza kukoka," anatero. "Kapena wamupeza kale mnzakeyo?"

Amuna anga anawotcherera, nanga akanatani. Madzulo bambo anandifunsa ngati makiyi a galimoto amakhalabe pa msomali wa kuseri kwa chitseko. Akuti amangofunsa. Ndawachotsapo, ali m'chitini cha mabatani m'chipinda mwanga, ndipo nkhafi zonse ziwiri ndazipititsa kwa aneba.

Pempho langa ndi ili, achimwene. Bwerani Loweruka lisanafike. Inu amakumverani, ine amandionabe ngati kamtsikana kotaya mabotolo. Mubwere ngati mwangowasowa, mupite nawo kumtsinje ngati afuna, ndipo pobwerera galimoto ikhotere kuchipatala. Za kalatayi musatchule, chifukwa akadziwa kuti mkamwini wawo anaulula sadzakweranso naye bwato, ndipo pamenepo adzapitadi okha. Mukamabwera mundigulireko jekete ija yoyandamitsa munthu m'madzi, yaikulu bwino, munene kuti ndi mphatso yochokera kwa adzukulu. Ya kwa adzukulu sangaikane.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Alamu anu kuno akupereka moni, akuti mudzawakalipire mukafika, akonzeka. Bambo andipeza ndikulemba patebulo la kukhitchini, afunsa kuti ndikulembera ndani zambiri chonchi. Ndati inu. Aima pakhomo nthawi yaitali, dzanja lamanzere lili m'thumba, kenako ati ndikuuzeni kuti ali bwino kwambiri, sanadwalepo ngakhale chimfine, ndipo musavutike n'kubwera. Ndalemba monga anenera.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
amene akudikira kumva galimoto yanu pageti.