Nthuli Imene Tiruwork Anakana

12 Julaye
Kusala kudya kwatha, tagawana ng'ombe. Kuno ndi dzinja, mvula osakata. Ndinakulunga nthuli ya nyama yaiwisi, yonona kuposa zonse, mu injera, buledi wathu wopyapyala uja, n'kumufikitsira pakamwa Tiruwork, woyandikana nafe, monga mwa mwambo wathu waulemu. Iye kutseka pakamwa! Alendo anga akuona. Ati, "Pepani achemwali, zaziwisi ine ayi, makamaka dzinja lino." Chibadwire sindinaone munthu akukana dzanja lomudyetsa. Mwano weniweni.

19 Julaye
Tiruwork akuwiritsa madzi a pachitsime ngati mkazi wa nduna, makala kudula chonchi. Akuti mvula imakokolera ndowe za ng'ombe m'chitsime, ndipo iwo a kachilombo, tizilombo ta m'mimba tikawalowa sitiwasiya. Kunenatu poyera, manyazi alibe. Ife chitsimechi tamwa kuyambira tili ana. Matenda anakatola yekha, atiphunzitse ife kumwa madzi?

2 Ogasiti
Mwamuna wanga Walelign akutsegulabe m'mimba, sabata yachiwiri. Makina ake osokera angokhala. Dzinja latha zinalinso chonchi, zinasiya mvula itakata. Tiruwork kusuzumira pampanda: "Malemu amuna anga anayamba choncho, dzinja lililonse. Kayezetseni nonse awiri." Ndamuuza akawiritse pakamwa pakepo. Akufuna anzake basi.

16 Ogasiti
Walelign waonda, lamba waboolanso. Madzi tinamwa amodzi tonse, ana anadwala n'kuchira, iye ayi. Inenso m'mimba mwayamba kulira. Kuchimbudzi matope okhaokha, ndikuchita kumugwira popita. Ndili ndi mantha.

29 Ogasiti
Kuchipatala. Pabenchi, Tiruwork, wonenepa bwinobwino, akudikira mapiritsi ake. Anasuntha kutipatsa malo. Bola akanaseka, ndikanapeza pomutukwanira.
Namwino ati tonse awiri tili nako kachilombo. Ana ali bwino. Mapiritsi tsiku lililonse, madzi owiritsa, zaziwisi ayi.

11 Seputembala
Chaka chatsopano pa kalendala yathu. Walelign wakhala tsonga, wamwa phala. Ndalira kuseri kwa nyumba.
Apongozi abwera ndi nyama ndi abale awo onse, aja amati mankhwala a m'mimba ndi tsabola. Sakudziwa kanthu. Tiruwork anali pamoto, akundithandiza kukazinga khofi. Apongozi anakulunga nthuli yofiira mu injera, n'kuitambasulira kwa ine: "Yasama, mwana wanga, wavutika n'kudwazika."
Maso onse pa ine. Tiruwork anayang'ana pansi.
Ndinatseka pakamwa. Dzanja lawo lili m'malere choncho, ine ndinati, "Pepani amayi, zaziwisi ine ayi."