Zala Zinayi za Bambo

Rosettenville, Joni
14 June

Okondedwa achemwali a Lestina,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu ndi ana. Nanga amayi ali bwanji? Miyendo ija inaphwa? Mapiritsi a BP akumwa, kapena akungowabisa pansi pa mkeka monga mwa khalidwe lawo?

Ine kuno ndilipo. Kuzizira kwafika poipa, chiperoni cha kwathu chimachepa. Kwa kuno ndi kouma, kumang'amba milomo. Chimfine chinandigwira masabata awiri koma chapita. Bulangete limene a Ben abweretse pamodzi ndi kalatayi ndi la amayi, ndipo musalole kuti alitsekere m'sutikesi kudikira alendo.

Mudabwa kuti munthu wokhalira kugwira foni walemba kalata ngati wakalekale. Ndayesa kanayi kukutumizirani mawu pa WhatsApp, kanayi konseko ndafufuta. Komanso foni yanu imakhala ndi ana, ndipo nkhaniyi sindikufuna ifike kwa m'bale wathu Edson isanafike kwa inu. Muwerenge muli nokha.

Ntchito ikuyenda. Ndikadali ndi a Elijah, bwana wanga wa ku Zimbabwe uja, tikujambula maukwati, makwaya, ngakhale maliro amene. Masiku ano akumandisiyira kamera yaikulu. Koma kunena zoona mafoni atsopanowa afika pena. Kwaya ina tinaijambula ndi mafoni awiri okha, titaika pa TV palibe anasiyanitsa. A Elijah amakonda kunena kuti chithunzi chikaipa anthu amakukhululukira, koma mawu akasowa palibe filimu. Akanena zimenezi ine ndimangoyang'ana pansi, ndipo chifukwa chake muchimva tsopano.

Lamulungu Edson anandiimbira ali ku Limbe, ali wosangalala kwabasi. Akuti chiliza cha bambo tivundukula mu August, wapeza kale projekita ndi chinsalu choyera, ndipo wauza akumpingo ndi anzawo a bambo a ku esiteti ya tiyi kuti adzamva bambo athu a Goodson akulankhula okha. Akutinso wosema mwala ayamba kumapeto kwa July, alemba mayina athu atatu pansi pa dzina la bambo. Ndinamuyankha kuti zili bwino.

Achemwali, filimu imene mukudikirayo kulibe.

Mukukumbuka August wa chaka chatha, nditabwera ndi foni yanga yatsopano ndi timiyendo take toimikira? Matama amene ndinachita sabata imeneyo mpaka munanditcha bwana dayirekita. Tsiku la Lachinayi inu munapita kumsika ku Khonjeni. M'mawa mwake ndinatsikira kumalire a esiteti kukajambula nkhungu ikuchoka pa tiyi. Foniyi ili ndi njira ina yojambulira zinthu zochedwa, monga mitambo kapena duwa likamamasula. Siijambula mosalekeza ayi. Imatola chithunzi chimodzi, n'kudikira, n'kutolanso china, kenako imazilumikiza kuti za ola lathunthu zithe m'kanthawi kochepa. Mawu siitola n'komwe, chifukwa mtambo sulankhula. Nkhunguyo inatuluka bwino zedi, ikukwera phiri ngati utsi, othyola tiyi akuthamanga uku ndi uku ndi madengu kumsana. Ndinasangalala, n'kuponya foni m'thumba osaibwezera pa njira yake ya masiku onse.

Masana bambo anavomera kuti ndiwajambule. Inu mukudziwa kuti munthu uja zaka zonse za ukapitawo wake pakamwa pake pankatuluka manambala a makilo ndi malamulo basi. Koma tsiku limenelo anasamba, anavala jekete lawo la kutchalitchi, n'kutulutsa okha mpando pansi pa mtengo wa mapeyala. Amayi anakhala chakumbuyo pakhonde akusenda nandolo. Bambo anandifunsa ngati kachinthuko kamamva Chilomwe. Ndinaseka, n'kuwauza kuti kamamva chilichonse kuposa munthu, iwo angoyang'ana pa kadiso kake n'kumalankhula.

Analankhula kwa ola limodzi ndi mphindi makumi anayi. Ine sindinamvetsere. Maso anali pa kuwala, mutu uli pa filimu imene ndikaonetse a Elijah. Ndinkathamangitsa nkhuku kuti zisasokoneze mawu. Ndinaima ndi chivundikiro cha ndowa kuti dzuwa liwalire kumaso kwawo. Kenako wailesi ya kwa aneba inayamba kusokosa, ndiye ndinapita kukapempha kuti atsitse, ndipo kumeneko ndinachedwa chifukwa anandifunsa za ku Joni, pakamwa panga n'kutseguka. Ndinkati chilichonse ndikachimvera bwinobwino ndikafika kuno. Komanso bambo anali atalowa m'Chilomwe chozama, ndipo Chilomwe changa mukuchidziwa, n'cha moni ndi kupempha madzi.

Nditabwerako ndinawapeza akulankhulabe, okhaokha, maso ali pa foni. Ndinamva akutchula Thekerani, ndiponso dzina loti Miriam kawiri. Atamaliza anapukuta kumaso ndi kampango, n'kundifunsa ngati zonse zalowa. Ndinati zalowa. Anati ndiye ntchitoyo aisiya m'manja mwanga, popeza ndine woyenda ndipo sindiopa anthu achilendo, ndichite monga aneneramo. Ndinalonjeza. Ndinawagwira dzanja, achemwali, n'kulonjeza chinthu chimene sindinachimve.

Ndinatsegula filimuyo Loweruka, m'basi, titangodutsa Mwanza. Inatha ndisanamalize kuika bwino zomvera m'makutu. Masekondi makumi atatu ndi asanu ndi atatu, yopanda mawu ngakhale amodzi. Ndinaibwerezanso, koma zinali zomwezo.

Apa ndiye pali mlandu wanga weniweni. Kulakwitsa batani aliyense amalakwitsa. Koma bambo anakhalabe ndi moyo miyezi itatu, foni ali nayo, ine nambala ndili nayo. Ndikanangoimba n'kunena kuti bambo, mwana wanu ndi chitsiru, bwerezani. Koma ndinachita manyazi. Ndinaganiza zoti pa Khirisimasi ndibwera ndi kamera yaikulu ndi kamaiki kopanira pa kolala, ndidzanamizire mphepo, tidzayambirenso. Mu September anandifunsa motsitsa mawu ngati nkhani ija ndaiyamba. Ndinati ndikukonzekera. Mu October anafunsanso, n'kunena kuti ndisachedwe chifukwa mvula ikagwa msewu wa kumeneko suyendeka. Ndinati asadandaule. Pa 9 November ndi pomwe inu munandiimbira mukulira.

Ndayesa zonse. A Elijah anaiika pa kompyuta yawo, anaichedwetsa, anaitembenuza, kenako anavula magalasi n'kundiuza kuti chimene sichinalowe sichingatuluke. Ndinapita kwa okonza mafoni awiri m'tauni, onse yankho lomwelo. Ndinaganizanso zopeza munthu wodziwa kuwerenga milomo, koma pakati pa chithunzi ndi chinzake pamadutsa masekondi asanu, chiganizo chathunthu chimagwera pampatapo.

Ndiye chimene ndatsala nacho ndi ichi. Bambo ali pampando, thupi lili phee, koma mutu ukunjenjemera ngati wa munthu wa malungo, manja akuuluka, pakamwa pakuphethira ngati chikope. Mthunzi wa peyala ukukwawa pabwalo mpaka kuwakwera m'miyendo. Kuseri kwawo othyola tiyi akudutsa paphiri ngati nyerere. Ine ndikuonekamo ndi chivundikiro changa, kenako ndazimiririka. Ndaionera kambirimbiri, mu taxi, pa nthawi ya nkhomaliro, ngakhale pa mzere wa buledi. Ndikaitseka imapitirirabe m'mutu.

Chimene chikundiopsa kwambiri n'choti mawu awo ayamba kundithawa. Nkhope ndili nayo pa zithunzi zopitirira chikwi, koma ndikafuna kukumbukira mmene ankanditchulira dzina, ndimangomva zii. Pa ukwati wa Loweruka lapitali, bambo a mkwatibwi anaimirira kuti alankhule, atavala jekete lofiirira, n'kuyamba ndi kakhosomole. Ndinakumbukira bambo athu. Kamera inaloza pansi, ndipo kwa mphindi yathunthu ndinajambula nsapato za anthu. A Elijah sanandikalipire. Anangondilanda kamera n'kundiuza kuti ndikakhale panja.

Mwezi watha ndinayamba kuyang'ana zithunzizo chimodzichimodzi. Cha pakatikati, nthawi imene ine ndinali kwa aneba, bambo akweza dzanja, zala zinayi zili chilili. Pa chithunzi chotsatira agwira chala chaching'ono, chija ankayambira powerenga. Achigwirabe pa zithunzi khumi ndi ziwiri, kutanthauza mphindi yathunthu. Kenako aloza mbali ya ku Thekerani. Ife tilipo atatu, achemwali, ndipo woyamba timadziwa kuti ndinu.

Pa zithunzi zomwezo, kumbuyo, amayi asiya kusenda nandolo. Lichero lili pansi. Aphimba nkhope ndi chitenje, ndipo akhala choncho mpaka mthunzi wafika pakhonde. Sanachoke. Anamva zonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Pali china chimene sindinakuuzeni. Tsiku lotsatira maliro, amayi anandikokera kuseri kwa khola. Anati zimene bambo anandituma ndichite, iwo sandiletsa, misozi yake analira kale zaka makumi anayi zapitazo. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti ndisadzawauze kuti nkhaniyo aitchule ndi pakamwa pawo. Ndinagwedeza mutu ngati munthu wodziwa. Kuyambira pamenepo ndikaimba amandifunsa za kuzizira ndi chakudya, kenako amadikira kuti ndinene. Ine ndimanamizira netiweki.

Sindikudziwa kuti Miriam ndi ndani. Mwina ndi mwana wa bambo, ali moyo ku Thekerani, ali ndi ana akeake, ndipo mpaka lero palibe wamuuza kuti bambo ake anagona. Mwina ndi manda amene amera tchire, akudikira khasu. Mwinanso ndawerenga zala molakwika, ndikuvutitsa anthu ndi mutu wanga. Koma bambo anamwalira akuganiza kuti mwana wawo wanyamula katunduyo, ndipo mu July mwala usemedwa ndi mayina atatu. Tikalakwitsa pamwala ndiye talakwitsiratu.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndikudziwa kuti ndi lolemera, chifukwa ndi chinthu chomwecho chimene amayi anakana. Mupite mukakhale nawo tsiku limene pakhomo palibe anthu. Muwauze zoona, kuti Philip sanamve kanthu, foni sinamve kanthu, ndipo wakhala akunama miyezi khumi. Musandichepetsere mlandu. Kenako muwapemphe, m'dzina langa, kuti anene zimene bambo ananena. Inu Chilomwe mumachimva bwino, ndipo ndinu mkazi mnzawo, mwina kwa inu pakamwa pangatseguke. Foni muisiye m'nyumba, musajambule chilichonse. Akakana musawakakamize, ndidzabwera ndekha kudzagwada. Koma ndi BP yawo ija ndikuopa kudikiranso Khirisimasi ina.

Akanena, mundiimbire nthawi iliyonse. Ndalankhula kale ndi a Elijah kuti andimasule mu July. Ndidzatsikira ku Thyolo, ndipo ngati kuli koyenera kupita ku Thekerani ndidzapita, kaya pa kabaza kaya wapansi, ndidzafunsa khomo ndi khomo. Za Edson, projekita yake ndi mwala ndithana nazo ndekha. Adzanditukwana, ndipo adzakhala akulondola.

Mundikhululukire, achemwali. Munandibereka kumsana ndili khanda, lero ndikukusenzetsaninso.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma muyambe mwawapatsa bulangete musananene zinazi. Moni kwa alamu, muwauze kuti nsapato zawo sindinaiwale. Moni kwa amalume a Winston ndi azakhali, kwa adzukulu anga Mwai ndi Triza, ndi kwa onse a kumpingo amene amandifunsa.

Watsala moni mmodzi, ndipo ndakhala ndi cholemberachi m'manja nthawi yaitali. Mwambo wake munthu amatchula ubale, koma sindikudziwa ngati ndilembe kuti achemwali, kapena malemu. Musunge moni ameneyu mpaka amayi atiuze mwini wake.

Ndine mlongo wanu,
Philip