Batani la Masekondi Atatu

Munich, 3 Okutobala

Okondedwa Bambo,

Landirani moni kuchokera kuno. Kodi bondo lija layamba kukulolani kukwera masitepe, kapena mukungouza Amayi kuti lapola pomwe mukuyenda mogwira khoma? Nanga Amayi shuga uja ali bwanji? Ine ndili bwino, kungoti chisanu chafulumira chaka chino. Mabotolo a lyutenitsa, ndiwo yathu ija ya tsabola ndi tomato, amene munatumiza ndi dalaivala wa basi anafika onse, limodzi lokha ndi limene linadontha pang'ono.

Ndasankha kulemba papepala chifukwa pafoni mumangoti zonse zili bwino, kenako n'kupatsira Amayi. Nkhani iyi muiwerenge mutakhala pansi.

Mukudziwa kuti kuntchito kwathu tilipo asanu ndi awiri, ndipo timapanga kawotchi kolankhula ka anthu osaona. Munthu akagwira batani kwa masekondi atatu, kawotchiko kamadzuka n'kunena nthawi. Mwezi watha tinalandira kalata ya kampani ina imene palibe anaonapo katundu wake. Akuti ali ndi patenti, chikalata chonena kuti nzeru yodzutsa chipangizo pogwira batani nthawi yaitali ndi yawo, anailembetsa mu 2009. Tisiye kugulitsa, apo ayi tikaonane kukhoti. Ine ndinaseka. Abwana anga, Mayi Irmgard, sanaseke. Anatiuza kuti mlandu ukatigwera, pofika Khirisimasi atseka chitseko, chifukwa tilibe chinthu china chogulitsa.

Mwaukali, Mayi Irmgard anajambula kalatayo n'kuiika pa intaneti. Bambo, anthu ali ndi nthawi padziko pano. Masiku awiri okha ndemanga zinali zikwizikwi. Wina anati mawa akalembetsa kutsegula chitseko pokoka chogwirira, ndipo aliyense wofuna kutuluka m'chimbudzi azidikira chilolezo chake. Wina anati agogo ake ndi mbava yaikulu, pakuti belu la pakhomo amaligwira osasiya mpaka mwininyumba atatuluka. Panabwera wina wodzitcha katswiri wa malamulo, n'kuyamba kutidzudzula kuti sitinawerenge tsamba la khumi ndi chinayi la patentiyo. Anamuyankha kuti, “Akulu, khalani pansi, tsamba limenelo ngakhale amene analilemba sanaliwerenge.”

Ndimawerenga zimenezi pa nkhomaliro mpaka supu kuzizira. Chikundidabwitsa n'chakuti ambiri mwa iwo kawotchi kathu sanakagwirepo, sadzakagula n'komwe, koma akukwiya ngati wina wawasunthira malire a munda. Ndimafuna nditaona nkhope zawo, ndidziwe kuti ndi anthu otani ndipo ntchito zawo amagwira nthawi yanji.

Loya wathu anati nthabwala siziwina mlandu. Chofunika ndi pepala losindikizidwa chisanafike chaka cha 2009, lokhala ndi deti, losonyeza kuti wina anachita kale zimenezi. Mayi Irmgard atalemba mawu amenewa, anthu aja anasiya kuseka n'kuyamba kufukula m'makatoni a makolo awo. Anatitumizira timabuku ta mawailesi akale, ta mafiriji, ngakhale ka chidole cholira. Loya ankangopukusa mutu: uku batani lilipo koma silidzutsa kanthu, uku likudzutsa koma palibe mawu onena za kuligwira nthawi yaitali.

Lachisanu lapitali munthu wina wa mumzinda wa Ruse, kwathu konko, anaika chithunzi cha tsamba limodzi la magazini yakale ya kwathu, ya okonda zamawailesi ija. Akuti analipeza atakulungira mababu. Pa tsambalo pali wotchi ya anthu osaona, ndipo mawu ake akunena bwinobwino kuti ugwire batani masekondi atatu. Loya atamva ndikumumasulira, anaimirira pampando. Koma tsambalo ndi long'ambika m'munsi, deti palibe. Mwiniwake akungoganiza kuti ndi la 1987, ndipo kukhoti saganizira.

Pansi pa mutu wa nkhaniyo palembedwa dzina la Injiniya Lyuben Karadzhov.

Anthu pa intaneti anaseka chojambula cha dzanja limene likugwira batanilo, ati wojambulayo anatopa asanamalize chala cholozera. Ine sindinaseke. Chala chimenecho ndimachidziwa. Makina anachidula ine ndisanabadwe, ndipo ndi chomwe ndinkagwira popita kusukulu. Nambala 7 ya pachojambulacho, yokhala ndi kamchira kopindikira m'mwamba, ndi yomwe ili pa makope anga onse a masamu amene munkachonga. Ndinatuluka panja, ndinalira pang'ono, ndipo sindikudziwa ngati chinali chimwemwe kapena mkwiyo.

Moyo wanga wonse mwakhala mukunena kuti kufakitale kuja munkangolumikiza mawaya, nzeru zinali za ena. A Karadzhov anali mkulu wa chigawo chanu, ndipo ndikudziwa kuti masiku amenewo pepala silinkatuluka popanda dzina la mkulu. Koma ndili ndi mafunso ambiri. Munaiganiza bwanji wotchi ija? Kodi inali ya amalume Tihomir, maso awo atayamba kuchita mdima? Anakupemphani dzinalo a Karadzhov, kapena munangoona litatuluka? Nanga Lamlungu lililonse mukamasewera ndi a Karadzhov tabla, masewera aja a pabolodi, kupaki, nkhaniyi inatulukapo pakamwa pa wina wa inu?

Pempho langa ndi limodzi. Dziko lonse limatiseka ife a ku Gabrovo kuti sititaya ngakhale machesi opsa kale, ndiye lero lolani umbombo wathu utipulumutse. M'chipinda chapansi, kuseri kwa mabotolo a Amayi, muli mitolo ya magazini yomangidwa ndi chingwe. Achimwene Plamen akutsitsireni, inu musakwere pampando. Mukaipeza magazini ija musang'ambe tsambalo, ikufunika yathunthu ndi chikuto chake. Loya ayenera kukhala nayo pofika pa 24 mwezi uno, choncho muipereke kwa dalaivala wa basi ya Lachitatu, m'manja mwake, osati kumbuyo kwa katundu.

Loya akuti khoti lilibe nazo ntchito kuti analemba ndani, likungofuna deti. Koma pa intaneti a Karadzhov awatcha kale tate wa batani. Wina wajambula dzina lawo litavala chisoti chachifumu, ena akufunsa keyala kuti awatumizire vinyo. Katatu konse ndalemba dzina lanu pamenepo, katatu konse ndafufuta. Si ine amene ndimakhala nawo patebulo limodzi Lamlungu, ndipo anzanu otsala ndi owerengeka.

Choncho ndikusiyirani inu. Ngati mukufuna ndikhale chete, tumizani magaziniyo mmene ilili, ndidzamva ndipo sindidzafunsanso. Koma ngati zaka zonsezi zakwana, ikanimo kapepala kolembapo dzina lanu. Ndikatsegula envelopu, ndidzayamba ndayang'ana chimenecho, deti pambuyo.

Mundiperekere moni kwa Amayi, kwa achimwene Plamen ndi alamu anga a Velichka, kwa ana awo, ndi kwa azakhali Stoyanka. Kwa a Karadzhov moni wake muone nokha.

Ine mwana wanu wokusowani,
Rumyana