Kabolero ka Alinafe

Lolemba, 5 Ogasiti 2024

Mphepo ya fumbi tsiku lonse. Milomo yang'aluka.

Kwabwera Alinafe, mwana wa mai Kwacha, ndi mipukutu isanu ya ulusi woyera wa thonje, wogula ku Chipata. Akufuna ndimulukire kabolero, kajekete kakafupi kovala pamwamba pa diresi laukwati. Diresilo ndi lobwereka kuboma, lopanda manja, ndipo kutchalitchi kwathu mkwatibwi salowa mapewa ali pamtunda. Ukwati pa 24. Mwamuna ndi Phillip, uja amagwira ntchito kumigodi ku Zambia.

Ndamuyeza. Pachifuwa mainchesi 34. Kamwana kaulemu, kugwada mpaka pansi. Koma mphuno ndi ya amake.

Mwana wa mai Kwacha pakhomo panga! Manyazi anatha ku Mlonyeni kuno. Kaya aiwala. Ine sindinaiwale.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Ndayamba mbali ya kumsana. Mizere iwiri yotseka, wachitatu wa timabowo. Thonje limapweteka zala, komanso silitamuka ngati ulusi wa majuzi. Ukaluka 34 ndi 34 basi.

Millicent wanga wapita kuganyu yoswa mtedza, mwana kumsana. Bwenzi pano ali kukoleji. Zaka zitatu tsopano chichitikireni. Mai Kwacha, mkulu wa amayi kutchalitchi, anamuimika pamaso pa gulu lonse, Lachinayi ngati lero, n'kumuvula duku la kwaya ndi manja awo. Amvekere, "Onani bwino atsikana, mimba ya pathengo imaoneka chonchi." Ine ndili pabenchi lachitatu. Palibe ngakhale anatsokomola. Mwana wanga sanabwererenso kusukulu.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Alinafe wabwera masana, kudzera kuseri kwa khola. Akuti ndimuyezenso. 37! Kani tsiku lija anadzimanga nsalu mkati.

Kenako misozi. Mimba ya miyezi inayi. Amake sakudziwa. Diresi pamimba ndi lotaya, palibe vuto, koma zipi ya kumsana ikuthera panjira, pakutsala mpata wa chikhatho. Akufuna agwirize ndi mapini, ndiye kabolero katalike kumbuyo, kakhale kotseka, kopanda bowo ndi limodzi lomwe.

Ndawerenga zala pansi pa chitenje. Phillip anabwerera ku Zambia Chaka Chatsopano chitangopita, sanapondenso kuno. Ogasiti kuchotsa miyezi inayi. Ayi ndithu, masamu sanama.

Ndamupukuta misozi ndi nsalu yanga. Ndati pita mwanawe, zisiye m'manja mwanga.

Atapita ndaseka ndekha mpaka nkhuku kubalalika. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Alengeza ukwati kachitatu. Mai Kwacha kutsogolo, khosi lili gwa, ngati nkhanga. Potuluka andipatsa moni wa nsonga za zala. Akuti ndifulumire, mwana wawo ndi wa velo, ndisawachititse manyazi ndi ntchito yosatha. Ndati musadandaule mayi, anthu adzaona okha.

Sindinamasule mzere ndi umodzi womwe. 34 yomweyo, kufupika komweko. Pakati pa msana ndikumakulunga ulusi kawiri pasingano kuti mabowo akule. Chala changa chamkombaphala chikulowa bwinobwino.

Lachisanu, 23 Ogasiti

Ndamaliza m'mawa. Manja aafupi, m'mphepete timaluwa, batani limodzi pakhosi. Chiyambire kuluka sindinapangepo chokongola chonchi. Ndakachapa m'madzi otentha kuti kakhwinyate pang'ono.

Alinafe anabwera kudzayesa. Ndamuonetsa kali pachingwe, kopinda pawiri, kakudontha. Ndati chonyowa sitivala, ndibweretsa mawa ndekha. Wandisiyira mbatata m'kambale, akuti wakumba yekha. Maso otupa, kuonda m'khosi. Mtima unati go kamodzi. Ulusi wotsala ulipo, singano zilipo, dzuwa linali lisanapendeke.

Ndakumbuka duku lija. Mbatata ndaphika, ndadya.

Loweruka, 24 Ogasiti

Ndafika dala 9 koloko, galimoto ya akwati italira kale hutala. M'chipinda modzaza. Kwathu kuno velo amaveka ndi azakhali a mwamuna, ndiye analipo awiri, atakhala pabedi.

Ndamuveka ndekha. Batani kukanika, ndachita kukoka. Kabolero kathera pamwamba penipeni pa mapini. Mwanayo wapotoloza khosi n'kundiyang'ana.

Azakhali aakulu aimirira ndi velo, azungulira kumbuyo. Apisa chala pabowo langa lija, agunda pini. Atukula. Msana uli pamtunda, zipi ili yasa. Akuti diresili tinayeza limodzi mu Juni, linkatseka. Kenako dzanja pabere, dzanja pamimba. Wina kuyamba kuwerenga miyezi mokweza.

Mai Kwacha anangoti khwithi pansi, miyendo tambalale, duku kugwa lokha. Ndinawerama n'kuwanong'oneza: onani bwino, mayi, imaoneka chonchi.

Pofika 11 lole ya kuchimuna inali itabwerera ndi mbuzi zake. Mpunga unapsa kale. Ndadya mbale ziwiri.

Ndakondwa. Ndilembe poyera, ndakondwa.

Lachiwiri, 27 Ogasiti

Alinafe amuthamangitsa kwawo Lamulungu. Amalume ake anamumenya ndi lamba wa njinga yamoto, amake ali chiimire pakhomo. Akuti wagona masiku awiri m'shedi ya fodya kuesiteti. Za ine zimenezo? Ndinamupatsa mimba ndine?

Millicent sanandiyankhule chichokereni Loweruka. Chakudya akuphika chake. Lero ndamupeza akulongedza zovala zake ndi za mwana m'thumba. Akuti akukamutenga Alinafe, apite naye ku Guilleme kwa mnzake, sabwerera. Ndati iwe wapenga, zonsezi ndachitira iwe.

Wandiyankha akumanga thumba. "Amake ankafuna zogula m'sitolo. Ndine ndinamuuza kuti abwere kwa inu. Ndinati usaope, amayi anga amadziwa kuwawa kwake, akubisa."

Mdzukulu wanga anatambasula manja kuti ndimunyamule. Amake anamutembenuzira kumsewu.

Ndinafuna kuitana. Ndinatsegula pakamwa, koma anali atapita kale.