Nyenyezi ya Takondwa yayamba ulesi

Amayi, kukucha bwanji kumene muliko? Ife kuno ku Mvera tilipo. Mtedza wa m'munda mwanu wachita bwino chaka chino, koma chimanga cha kumtunda chinapserera ndi ng'amba. Mbuzi yanu yamakani ija yaswa ana awiri, onse osamva ngati make.

Mdzukulu wanu Takondwa, yemwe munamusiya ali ku yunivesite, anakwatiwa, ndipo wabereka mwana wamkazi kuchipatala cha Mtengowanthenga. Kamwana kake nkonenepa, kolira ngati kalipidwa. Bambo a kamwanako ndi dalaivala wa mathiraki, pakhomo amangodutsapo, choncho Takondwa wakhala kuno ndi ine miyezi isanu ndi itatu.

Paja munkati Takondwayu adzagwera m'chitsime chifukwa choyang'ana kumwamba. Sanagweremo, Amayi. Nyenyezi ndizo zakhala sukulu yake, ngakhale saziyang'ana ndi maso, amangowerenga manambala pa laputopu. Akuti kutali uko kuli nyenyezi ziwiri zozungulirana. Ina inafa kale, ndi yaing'ono moti mutha kuidutsa wapansi tsiku limodzi, koma kulemera kuposa dzuwa. Imazungulira ikuphethira, ikukoka mpweya wa inzake yamoyo ija nkumadya. Ntchito ya Takondwa ndi kuwerenga kuphethirako, kuti adziwe ngati liwiro likukwera kapena kutsika.

Tsiku lina m'mawa ndikusesa, ndinamumva akukuwa pafoni kuti nyenyezi yake, imene inakhala ikuthamangirathamangira zaka zambiri, yayamba kuchepetsa liwiro. Ndinati basi, mwana wanga ntchito yamuonongekera m'manja. Sindinamufunse. Lachinayi ndinakauza amayi anzanga kutchalitchi, ndipo tinagwada tonse kupempherera nyenyeziyo kuti ichire, iyambenso kuthamanga.

Atamva, Takondwa anaseka mpaka kukhala pansi. Anatola nguli ya ana pabwalo nkuizungulitsa. "Taonani amama, ndikaikwapula mbali imene ikupita, ikuthamanga. Ndikaikwapula mobweza, ikufooka. Mpweya uja ukamagwera panyenyezi umatero, nthawi zina kuikankha, nthawi zina kuigwira. Kusinthako ndiye ndakhala ndikudikira. Mukauze azimayiwo asiye kupemphera, angandiwonongere!" Manyazi ndinachita, koma ndinasekanso. Inu mukanaseka mpaka chifuwa chanu chija kuyambanso.

Chifukwa cha zomwe anapezazo, amuitana ku Joni kuti akapitirize maphunziro zaka zitatu. Kumalo ogona ophunzira salola makanda. Kalata yokana anailemba palaputopu, ndinamupeza akuiwerenga pakhonde, mwana ali kubere, misozi ili mbwembwembwe. Anati, "Ndisiya amama, mwana ndinamufuna ndekha."

Apa ndiye pondivuta kulemba. Mukukumbukira ndili Fomu 2, nditabereka Takondwa yemweyu, ndinakugwadirani kuti mumutenge ine ndibwerere kusukulu? Munati, "Walira mvula, walira matope," nkutenga khasu kupita kudimba. Sindikukuimbani mlandu. Munali nokha ndi ana asanu, ndipo lero ndikudziwa kulemera kwake. Koma ndinalira chaka chathunthu ndikamaona anzanga atavala yunifolomu, ndipo sindinakuuzeni. Lero ndakuuzani, mtima wapepuka.

Ndiye ndinamulanda mwana pamiyendo nkumubereka kumbuyo. Ndinati, "Kalata imeneyo ufufute ndikuona. Uyu ndi wanga mpaka umalize." Anati nanga msana wanu, nanga munda. Ndinati msana ndi wanga, usaulankhulire. Tayamba kumuzoloweza phala kamwanako, ndipo akulilandira bwino. Takondwa anyamuka mwezi wamawa. Ndikamuona akulongedza mabuku akuimba, ndimakondwa kwambiri, Amayi, kuposa mmene ndinkaganizira.

Chinthu chimodzi chokha ndikupempheni. Takondwa sadziwa chimene ndinasiyira sukulu. Ali wamng'ono anandifunsa, ndinamuuza kuti mutu wanga ndiwo unali wouma, ndipo mpaka lero amandiseka nazo. Akadziwa, sakwera basi ya ku Joni. Kwa ine sadzamva, ndikulonjeza. Nanunso mukamuyendera kumaloto, musamuuze.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,
Velina