Nsalu Yanga, Dzina la Rozina

Loweruka, 1 Juni

Lero kutchalitchi kwathu ku Unit D kunali mpikisano wa zoluka wa amayi a Chigwirizano. Nsalu yanga ya patebulo, ija ndinaiyamba mvula isanagwe, yapambana. Koma dzina limene aitana ndi la Rozina Fabiano.

Kulakwa kwanga ndi uku. Pakhomo amafuna kapepala ka dzina. Zilembo zanga n'za sukulu ya akuluakulu, zimayenda ngati mapazi a nkhuku, ndiye ndinachita manyazi. Ndinati kwa Rozina, achemwali, ndilembereniko. Analemba msangamsanga n'kubaya ndi pini. Sindinayang'ane. Zaka makumi atatu benchi imodzi, ndikanayang'aniranji?

Anapita kutsogolo akuvina. Bulangete lolemera ndi setifiketi. Amayi nthungululu, makorokoto, makorokoto!

Lamulungu, 2 Juni

Wakhala benchi ina.

Lachiwiri, 4 Juni

Pa siteji ya mabasi pa Chikwanha ndakumana ndi abambo Hezekiah, aphunzitsi opuma aja, amene amapereka mphoto Loweruka. Ndinawafunsa kuti pulaizi amatchulatchula uja n'chiyani kwenikweni. Iwo nkhani za mawu amazikonda kuposa tiyi, kombi ziwiri zinawasiya. Ati azungu anawatenga ku Chifalansa, ndipo kale amatanthauza mtengo wa chinthu, kulemera kwake. Ati aliponso ena omveka chimodzimodzi, onena sitima ya adani imene mwailanda panyanja ndi katundu yense.

Ndinati abambo, nanga wolandidwayo amatani? Anaseka, ati buku silinena.

Ndinena ine.

Lachinayi, 6 Juni

Sindinakadandaule kwa Mayi Busa ayi. Wodandaula amamuuza kuti khululuka, basi nkhani yatha.

Pamsonkhano ndinangoimirira bwinobwino. Ndinati luso lotere lisafere m'manja mwa munthu mmodzi, wopambana atiphunzitse duwa lija la pansalu yake Lachinayi likudzali, tonse tikuona. Amayi m'manja phuphuphu. Rozina ati maso anga masiku ano, achemwali. Ndinati ndikubwerekani magalasi anga. Ati ulusi unatha. Ndinati ndili nawo wofanana ndendende, kaya zinatheka bwanji.

Lolemba, 10 Juni

Wabwera m'mawa ndi shuga, bulangete kukhwapa. Anakhala pansi, mpando ulipo. Ati tengani ili, koma musandivule pagulu. Ati mpongozi wake amamutcha chidya-ulere, amafuna tsiku limodzi lokha kulowa m'nyumba ali ndi kanthu m'manja.

Mtima unafuna kufewa pang'ono, ndisaname. Ndiye ndinakumbukira miyezi isanu ndi iwiri, khosi ili, maluwa amene ndinamasula katatu. Ndinati bulangete ndili nalo, bambo a Morris anandisiyira. Sindikumva kuzizira ine.

Shuga ndalandira.

Lachitatu, 12 Juni

Ndapukuta magalasi. Ulusi ndi kiroshi zili kale m'chikwama.

Lachinayi, 13 Juni

Ndilembe mwadongosolo, ndisasiye kanthu.

Anayala nsalu patebulo. Rozina anatenga kiroshi dzanja lamanja. Kuluka amadziwa, sindimunamizira, koma duwa lake linatuluka lotembenukira kwina, ngati mlendo pakati pa abale. Anamasula. Kachiwiri chimodzimodzi. Thukuta mu Juni!

Mai Nokuthula, amene anagulitsa madoili, tinsalu toluka, ku Joni zaka zambiri, ananyamula nsalu ija, kuiyang'ana kuseri ndi kumaso. Ati m'chiyankhulo chawo, iri ibasa remunhu weruboshwe. Ntchito ya wamanzere iyi, mfundo zonse zapendekera kunoku.

Mu Chigwirizano chathu wamanzere ndi mmodzi. Onse amandiseka pamaliro ndikamadula kabichi.

Ndinatambasula dzanja, Rozina anandipatsa kiroshi osadzutsa mutu. Duwa limene ndimaluka madzi a tiyi asanawire, lero ndinaliluka modekha, dala, kuti aliyense aone. Nditaliika pambali pa anzake, linakhala ngati linabadwira pomwepo.

Mayi Busa anati Rozina atulutse setifiketi. Inali m'Baibulo mwake, yopindidwa panayi. Mayi Busa ati gogo, bwerani nayo ndikulembereni dzina. Ndinati ayi amayi, kulemberedwa ndinasiya.

Pepala limaterera patebulo. Ndinati Rozina, gwira apa. Anagwira ndi manja onse awiri. Ndinadula dzina lake ndi mzere umodzi, n'kuyamba langa pamwamba pake, Tabeth Sailesi, mapazi a nkhuku omwewo, chilembo chimodzichimodzi.

Ndili pakati, dontho linagwera papepala. Silinali langa. Ndinadikira liume, n'kumaliza.