Pemphero Loti Galimoto Isazime

Bambo a Tiyamike,

Musathamangire kupolisi, galimoto sinabedwe. Wakuba akanaibweza yekha. Ndaisiya kwa a Gilbert amakaniko pa Santhe.

Mmawa ndimapita ku Njombwa kukatenga amayi, paja lero ndi tsiku lawo loonana ndi adokotala a maso. Pa kamtunda kaja ka pamlatho injini inayamba kukuwa ngati mlaliki wa pamsika, koma liwiro lake ngolo ya ng'ombe inandipitirira. Kenaka kunamveka fungo la chinthu chopserera.

Nditaifikitsa pa Santhe movutikira, a Gilbert anakoka handibuleki, kuika giya folo, n'kumasiya klatchi pang'onopang'ono. Ine chamumtima ndinali kupemphera kuti isazime, ndipo Ambuye anandiyankha, sinazime. Ndisanamalize kuthokoza, a Gilbert akuti, "Mayi, mukanapempha kuti izime. Yamoyo imazima. Iyi klatchi yatha, siikugwiranso."

Anafunsanso kuti kwathu ndani amagoneka phazi pa klatchi poyendetsa. Ndinangoyang'ana kumwamba. Bodza sindinena, komanso mwamuna wanga sindimuulula.

Ndabwerera kudzatenga jasi, ndikukwera minibasi kuti amayi asaphonye adokotala. Mukachoka ku chigafa mupite pa Santhe mukagwirizane ndi a Gilbert, ndipo musakayese kuiyendetsa. Ndiwo zili m'poto wamng'ono.

Pepani pokutulirani nkhani papepala. Nsapato zanga ndinaona kuti munapolisha, zikomo. Zindithandiza lero, popeza phazi lanu lija latibwezera tonse pa ulendo wapansi.

Ine wanu,
Make Tiyamike